Kodi mumadziwa? Bento, kamba wa ku Japan wosaboola m'thumba

Kodi mumadziwa kuti chakudya cha masana chimene anthu a ku Japan amalongedza m'kabokosi popita kuntchito kapena kusukulu, chija amachitcha bento, chinayamba ngati kamba wa apaulendo? M'nyengo ya Kamakura, pakati pa 1185 ndi 1333, munthu woyenda mtunda wautali ankaphika mpunga, n'kuuyanika mpaka uume gwaa, n'kuuika m'kathumba. Njala ikamupeza panjira ankauthira madzi kuti ufewe, apo ayi ankangoutafuna choncho. Dzina lake linali hoshi-ii. Ndayambira pamenepa dala. Zithunzi zimene zimazungulira pa intaneti, za mpunga woumbidwa ngati kamwana ka chimbalangondo ndi soseji zokhala ndi maso, zachititsa ambiri kuganiza kuti bento ndi zochita za anthu a ndalama amene ali ndi nthawi yotaya. Bento wa tsiku ndi tsiku wa m'banja wamba sakhala choncho. Ndi njira yosamalira chakudya ndi ndalama, ndipo pafupifupi chilichonse chimene chimalowa m'kabokosimo chili ndi chifukwa chake.

Kodi mumadziwa kuti bokosilo ndilo muyezo wa chakudya? Katswiri wa kadyedwe, Miyuki Adachi, ndi anzake anakonza njira yotchedwa 3:1:2. Gawani bokosi m'zigawo zisanu ndi chimodzi. Zitatu zikhale za mpunga, chimodzi cha nyama, nsomba kapena dzira, ziwiri za masamba. Mukadzaza motero, mothinana bwino, mamililita a bokosilo amafanana pafupifupi ndi makalori a chakudyacho: bokosi la mamililita 600 limanyamula makalori pafupifupi 600, la 400 la mwana wamng'ono limanyamula pafupifupi 400. Sikelo siifunika. Tsono taonani pamene pagona ndalama. Chinthu chodula kuposa zonse, nyama, chapatsidwa gawo limodzi lokha. M'bokosi la 600 amenewo ndi malo a mamililita 100 basi, osakwana theka la kapu ya tiyi, moti magalamu 250 a nyama ya nkhuku amakwanira anthu atatu popanda wodandaula. Njirayi ilinso ndi lamulo lina limene ndimaligwirizana nalo kwambiri: ndiwo yokazinga m'mafuta ikhale imodzi yokha pa bokosi. Thupi limapindula, ndipo botolo la mafuta limachedwa kutha.

Kodi mumadziwa kuti mpunga unagwetsa nduna ku Japan mu 2025? Kutentha koopsa kwa chaka cha 2023 kunaononga mbewu. Mu Ogasiti 2024 boma litachenjeza za chivomerezi chachikulu chimene chikhoza kuchitika kumwera kwa dzikolo, anthu anathamangira kukagula mpunga wosunga, mashelefu a m'masitolo n'kukhala mbee. Pofika mu 2025 thumba la makilogalamu 5 linali litadutsa ma yen 4,000, pafupifupi kuwirikiza kawiri mtengo wa chaka chapitacho, ndipo boma linatsegula nkhokwe zake za mpunga wosungira nthawi ya mavuto. Pakati pa zonsezi nduna ya zaulimi, Taku Eto, inanena pagulu kuti siinagulepo mpunga chifukwa otsatira ake amaipatsa wambiri. Anthu anakwiya, ndipo mu Meyi chaka chomwecho inatula pansi udindo.

Komatu tiyeni tiwerengere limodzi. Bokosi la munthu wamkulu limalowa mpunga wophika pafupifupi magalamu 200, umene usanaphikidwe umakhala magalamu 90. Pa mtengo wa ma yen 4,000 pa makilogalamu 5, mpunga wa bokosi limodzi ndi wa ma yen 72. Bento wogula m'masitolo a usana ndi usiku, aja amati konbini, nthawi zambiri amafika ma yen 500 kapena kuposa. Ndiye kuti ngakhale mpunga utakwera chotere, wolongedza yekha amatsalabe ndi ndalama zambiri zogulira ndiwo. Mabanja ena anabwereranso ku nzeru ya agogo awo yosakaniza mpunga ndi balere kuti thumba lichedwe kutha.

Nanga mumadziwa kuti bento kawirikawiri amadyedwa wozizira? Pa chifukwa chimenechi mtundu wa mpunga ndi nkhani yaikulu. Wa ku Japan ndi waufupi, wonenepa, womata, ndipo ukazizira umakhalabe wofewa. Mpunga wautali umauma msanga ndi kumwazika. Amene mukufuna kuyesa ndi Kilombero wathu wa ku Karonga, muonjezereko madzi pang'ono pophika, ndipo musakhumudwe akakana kuumbika bwinobwino. Fungo lake lokha likwanira.

Kodi mumadziwa kuti mabanja ambiri saphika mpunga m'mawa uliwonse? Amaphika wambiri kamodzi, n'kuugawa timagawo ta munthu mmodzimmodzi, n'kukulunga m'pulasitiki ukadali ndi nthunzi kuti chinyezi chisathawe. Ukapola amauika m'chipinda choumitsa cha furiji. M'mawa n'kungotenthetsa. Chipinda wamba cha furiji sichisunga bwino mpunga: umauma ngati sunapse.

Kodi mumadziwa kuti ndiwo zambiri za mu bento ndi mkute? Pamenepa ndi pamene pali mutu wa nkhani yonse. Wophika wanzeru ku Japan saphika chakudya cha bento padera. Akamaphika cha madzulo amapatuliratu pang'ono asanapereke patebulo: zidutswa ziwiri za nkhuku, supuni ya dzungu lophika, kachidutswa ka nsomba. Amapatula asanapereke chifukwa chimene chayenda patebulo chakhudzidwa kale ndi timitengo todyera ta anthu ambiri, ndipo sichichedwa kusasa. Ena amaonjezera chizolowezi chotchedwa tsukurioki: Loweruka kapena Lamlungu amaphika ndiwo za masamba zamitundu itatu kapena inayi zimene zimapirira masiku angapo m'furiji. Yotchuka ndi kinpira, karoti ndi muzu wa gobo zodulidwa zopyapyala, zokazingidwa ndi sosi wa soya, shuga ndi chitowe. Palinso sipinachi wofutsa wothira chitowe chosinja, ndi dzungu lophikidwa mpaka msuzi wonse utauma. Shuga, mchere ndi viniga zimathandiza kuti ndiwozi zisaonongeke msanga, komanso zimakometsa, paja chakudya chikazizira lilime silimva kukoma kwake msanga. Motero ntchito ya m'mawa imangokhala kutenthetsa, kuziziritsa ndi kulongedza. Amene amayamba kusenda karoti tambala atalira sachedwa kutopa nazo n'kubwerera kogula.

Kodi mumadziwa kuti ndiwo yotchipa kwambiri m'masitolo a ku Japan ndi mphukira za mphodza? Amazitcha moyashi. Kathumba ka magalamu 200 nthawi zambiri sikafika ma yen 50. Vuto lake n'lakuti zimatulutsa madzi ndipo sizikhalitsa, choncho wolongedza amazifutsa, n'kuzifinya ndithu, asanathire zokometsera.

Ndipo chidali cha nkhuku n'chotchipa kuposa ntchafu, chifukwa anthu akumeneko amakonda ntchafu kaamba ka mafuta ake. Wosamala ndalama amagula chidali, n'kuchidula mopingasa, n'kuchiviika mu sosi wa soya ndi jinja, n'kuchigubuduza mu ufa wa sitalichi asanakazinge kuti chisaume. Mnzake wa chidali ndi chikuwa, nsomba yopera youmbidwa ngati kapaipi. M'bowo lakelo amalowetsamo nkhaka kapena tchizi, n'kudula timawilo.

Kodi mumadziwa kuti mazira awiri akhoza kukwanira mabokosi atatu? Imeneyo ndi ntchito ya tamagoyaki, dzira lopindapinda limene silisowa mu bento. Mumaswera mazira m'mbale, kuthira shuga pang'ono, kamchere ndi madontho a sosi wa soya, n'kutakasa mosafulumira kuti asachite thovu. Chiwaya chikatentha mumachipaka mafuta ndi kapepala kopinda, osati kutsanulira. Mumathira gawo limodzi mwa atatu la dziralo, lifalikire lopyapyala. Likangoyamba kugwira, pamwamba pakadali ponyezimira, mumalipinda kuchokera kutsidya kubwera kwa inu, monga mmene timapindira mphasa. Mpukutuwo mumaukankhiranso kutsidya, kupakanso mafuta pamalo potsala, kuthira gawo lachiwiri, n'kutukula mpukutu pang'ono kuti dzira latsopano lilowe pansi pake zigwirane. Kupindanso. Kachitatu chimodzimodzi. Musalichotse pamoto mkati mukadali mwamadzimadzi. Dzira losapsa bwino lilibe malo m'bokosi limene likhale maola asanu m'chikwama. Likapola mumalidula zidutswa zisanu ndi chimodzi, ziwiriziwiri pa bokosi, ndipo mukayang'ana podulapo mumaona mizere yozungulira yachikasu. Ku Japan ali ndi chiwaya cha makona anayi chopangidwira ntchito imeneyi, koma chozungulira chimathekanso, kungoti nsonga zake zimatuluka zopyapyala. Cha ku Tokyo amalikonda lotsekemera, cha ku Osaka ndi Kyoto amathiramo msuzi wa nsomba wotchedwa dashi.

Mtengo wa mazira unakhala zaka zambiri wosasinthasintha kumeneko, mpaka chimfine cha mbalame cha 2022 ndi 2023 chitachititsa kuti nkhuku zoposa 17 miliyoni ziphedwe. Mazira anakwera, koma sanachoke m'bokosi.

Kodi mumadziwa kuti wolongedza amawerenga mitundu m'malo mowerenga mavitamini? Amafuna isanu: yofiira, yachikasu, yobiriwira, yoyera ndi yakuda. Tomato kapena karoti, dzira kapena dzungu, masamba, mpunga, kenako chitowe chakuda, bowa kapena ndere za m'nyanja. Bokosi likaoneka lofiirira lokhalokha, ndiye kuti mwachuluka zokazinga ndipo masamba mulibe. Maso amadziwa msanga kuposa buku.

Kodi mumadziwa kuti kutseka chivundikiro mpunga ukadali wotentha ndiko kulakwitsa kwakukulu pa zonse? Pano ndichedwapo, chifukwa ndalama zimene mwapulumutsa mwezi wonse zikhoza kuthera kuchipatala tsiku limodzi. Nthunzi ikatsekeredwa imachita thukuta pachivundikiro, madontho n'kugwera pa chakudya. Chinyezi ndi kafunduwefunduwe ndizo zimene mabakiteriya amafuna. Mu mpunga mumatha kukhala wina wotchedwa Bacillus cereus, amene njere zake sizifa pophika. Mpunga ukakhala wofunda nthawi yaitali amadzuka n'kutulutsa poizoni wosanzitsa amene satha ngakhale mutatenthetsanso. M'manja mwa munthu, makamaka pabala, mumakhala wina, Staphylococcus aureus, amenenso poizoni wake saopa moto. N'chifukwa chake malangizo a boma la Japan pa nkhani ya chakudya amagona pa mfundo zitatu: tizilombo tisafike pa chakudya, tisachulukane, tiphedwe ndi moto. Nyama, nsomba ndi dzira zipse mpaka pakati pafike madigiri 75 kwa mphindi imodzi. Mkute utenthetsedwenso m'mawa mpaka mkati, kenako uziziritsidwe. Mpunga amauyala pa mbale yaphanthiphanthi, ena n'kumaukupiza ndi chokupizira cha m'manja kuti upole msanga. Ndiwo zamsuzi amazikhetsa, kapena kuziwaza chitowe chosinja kapena timapalepale ta nsomba youma ya katsuo kuti timwe madziwo. Polongedza amagwiritsa ntchito timitengo toyera, osati zala. Ngakhale katomato kakang'ono amakachotsa kachipewa kake kobiriwira, chifukwa m'makwinya mwake mumabisala dothi, n'kukatsuka, n'kukapukuta kaume.

Nyengo imene amaopa kwambiri ndi ya mvula ya Juni ndi Julayi, pamene kunja kumakhala chinyezi chokhachokha, ndi miyezi yotentha yotsatira. Pamenepo pamwamba pa bokosi amaikapo kapaketi ka madzi oundana, pamwamba osati pansi, popeza mpweya wozizira umatsika. Ena amaumitsa botolo la madzi kapena la tiyi m'furiji n'kuliika pambali pa bokosi. Pofika masana lasungunuka, mwana n'kumwa. Amene amadziwa dzuwa la Okutobala ku Chikwawa ndi ku Nsanje sangaone ngati zimenezi n'zokokomeza.

Kodi mumadziwa kuti kachipatso kamodzi kankaboola zivundikiro? Ndi umeboshi, chipatso cha ume chofutsidwa mu mchere wambiri, choyanikidwa padzuwa, chowawasa koopsa, chofiira chifukwa cha masamba a shiso. Chigawo cha Wakayama ndicho chimalima ume wambiri. Kamodzi kakaikidwa pakati pa mpunga woyera, bokosi limaoneka ngati mbendera ya Japan, ndipo bento wotere amatchedwa hinomaru. M'nthawi ya nkhondo, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, anthu ankalimbikitsidwa kudya zimenezi posonyeza kudzimana. Pa mabokosi akale a aluminiyamu, asidi wa kachipatsoka ankadya chivundikiro pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku mpaka kuboola, kufikira pamene kunabwera aluminiyamu wokutidwa mwapadera kuti asadyeke. Anthu amakhulupirira kuti umeboshi amateteza mpunga kuti usasase. Amatetezadi, koma pokhapo pamene wakhudza. Ofuna kuti athandize bokosi lonse amamuduladula n'kumusakaniza mu mpunga.

Kodi mumadziwa kuti mpunga woumba wakale kwambiri umene unapezekapo ku Japan uli ndi zaka pafupifupi 2,000? Unafukulidwa mu 1987 m'chigawo cha Ishikawa, utapsa n'kusanduka khala. Lero mpunga woumba umatchedwa onigiri, ndipo ndiwo bento wa munthu amene alibe ngakhale bokosi: chibulumwa cha makona atatu, kandiwo kobisika pakati, mchere kunja. Kale ankaumba ndi manja onyowa opaka mchere. Masiku ano amalangiza kuumbira m'kapulasitiki, pa chifukwa cha mabakiteriya a m'manja aja.

Nanga mumadziwa kuti zowaza pa mpunga zinayambitsidwa ndi wamankhwala? M'nyengo ya Taisho, pakati pa 1912 ndi 1926, Suekichi Yoshimaru wa ku Kumamoto ankada nkhawa kuti anthu sakupeza kashiamu wokwanira. Anapera tinsomba touma tathunthu, mafupa ndi mitu yomwe, n'kusakaniza ndi chitowe ndi ndere za m'nyanja kuti ngakhale mwana wokana nsomba adye. Zowazazi zimatchedwa furikake, ndipo zimene iye anayambitsa zikugulitsidwabe ndi dzina lakuti Gohan no Tomo. Pa zonse zimene zili m'nkhani ino, ichi ndicho chosavuta kuchita kwathu kuno. Kazingani usipa kapena bonya popanda mafuta mpaka aume, sinjani pamodzi ndi chitowe chokazinga ndi kamchere, sungani m'botolo louma lotseka bwino. Supuni imodzi pa mpunga wozizira imasintha zonse.

Kodi mumadziwa kuti masiteshoni a sitima ali ndi mabento awoawo, otchedwa ekiben? Mbiri yotchuka imati woyamba anagulitsidwa pa siteshoni ya Utsunomiya pa 16 Julayi 1885, ngakhale masiteshoni ena amati anayamba ndi iwo. Munali onigiri awiri ndi tizidutswa ta takuan, muzu wa daikon wofutsidwa mu mchere, zokulungidwa m'khungwa la nsungwi, pa mtengo wa ma sen 5. Wina wotchuka mpaka lero anabadwa ndi kusowa. Mu 1941, mpunga utayamba kugawidwa mopimira chifukwa cha nkhondo, ogulitsa pa siteshoni ya Mori ku Hokkaido anaona kuti kunyanja kukugwidwa ika wambiri, kanyama ka miyendo yambiri kokhala ndi thupi ngati kathumba. Anayamba kuthira mpunga pang'ono m'thupi mwakemo n'kuphika mu sosi wa soya ndi shuga. Mpunga wochepa, munthu n'kukhuta. Chakudyacho ndi ikameshi.

Mabento ena a m'sitima amadzitenthetsa okha: mukakoka kachingwe, madzi amakumana ndi laimu pansi pa bokosi, nthunzi n'kutuluka.

Ndipo bento wotchedwa makunouchi anatchuka m'nyengo ya Edo, pakati pa 1603 ndi 1868, pamene oonerera zisudzo za kabuki ankadya katani ikatsekedwa podikira gawo lotsatira.

Kodi mumadziwa kuti bento wotchipa kwambiri m'masitolo ogulitsa mabento otentha kawirikawiri amakhala noriben? Ndi mpunga wowazidwa timapalepale ta katsuo tonyowetsedwa ndi sosi wa soya, pamwamba n'kufunditsa nori, ndere za m'nyanja zouma zopyapyala zakuda bii. Unali kale bento wa panyumba, koma sitolo ya Hokka Hokka Tei, imene inayamba mu 1976, inautchukitsa poikapo nsomba yokazinga ndi chikuwa. Panyumba amang'amba nori tizidutswa asanayale, kuti wodya akanyamula ndi timitengo asasendeke yense nthawi imodzi kapena kumatirira ku chivundikiro.

Kodi mumadziwa kuti bokosi lenilenilo mukhoza kulipeza pa ma yen 110? Masitolo monga Daiso, Seria ndi Can Do amagulitsa katundu wambiri pa ma yen 100, kuonjezapo msonkho wa 10 pa 100 iliyonse. Hirotake Yano, amene anayambitsa Daiso, anayamba ndi kugulitsa katundu pa galimoto mu 1972. M'masitolo amenewa mumapezeka mabokosi, timitengo todyera, timabotolo ta sosi, ndi timakapu ta silikoni tolekanitsira ndiwo, timene mumatsuka n'kugwiritsanso ntchito m'malo mogula ta pepala mwezi ndi mwezi. Kumbali inayo kuli magewappa wa ku Odate m'chigawo cha Akita: thabwa lopyapyala la mtengo wa sugi limaviikidwa m'madzi otentha, n'kupindidwa, n'kusokedwa ndi khungwa la mtengo wa tcheri. Limeneli limadula ma yen masauzande angapo, koma thabwalo limamwa nthunzi, mpunga n'kukhala wokoma ngakhale utazizira. N'lokongola ndithu, koma banja loyamba kumene lisadzivutitse nalo. Kontena iliyonse yosazama, yotseka bwino, imagwira ntchito. Yosazama chifukwa chakudya chimapola msanga ndipo chimaoneka chonse mukatsegula.

Paja kompyuta ya m'manja ya ThinkPad, imene IBM inatulutsa mu 1992, maonekedwe ake akuda a makona anayi anatengera bokosi la bento lotchedwa shokado, logawidwa panayi mkati.

Kodi mumadziwa kuti madzulo masupamaketi a ku Japan amamata timapepala totsitsa mtengo pa nsomba, nyama ndi zophikaphika za tsikulo? Amayamba n'kuchotsera pang'ono, nthawi yotseka ikayandikira n'kufika pa theka la mtengo. Wolongedza mabento amadziwa ola limene wantchito amatuluka ndi timapepalato. Akagula nyama yotere saigoneka: usiku womwewo amaidula, kuithira zokometsera, n'kuiumitsa m'furiji m'timagawo ta bokosi limodzilimodzi.

Kodi mumadziwa kuti kulongedza kuli ndi ndondomeko yake? Mpunga umayamba, mbali imodzi, ndipo m'mphepete mwake mumausiya motsetsereka. Ukapola, ndiwo yaikulu imatsamira pa mtsetse umenewo, itaimirira pang'ono kuti ioneke. Kenako tamagoyaki ndi zina zosasintha maonekedwe. Ndiwo zofewa za masamba zimabwera pambuyo chifukwa zimalowa paliponse pamene patsala malo. Pomaliza mumatseka mipata ndi tinthu ting'onoting'ono: kanthambi ka burokoli, katomato, nyemba zingapo. Mpata ndiwo mdani wa bento. Mwana akathamanga ndi chikwama, bokosi lokhala ndi mipata limafika kusukulu zonse zitasakanikirana, dzira litalowa msuzi, mpunga utadetsedwa. Musanatseke, lipendeketseni pang'ono; chikasuntha chinthu, ndiye kuti pakufunika kena kotsekera. Ambiri amamanga bokosilo m'kansalu, mfundo pamwamba, ndipo pa nthawi ya kudya kansaluko kamakhala poyalapo.

Zokongoletsa zosalira ndalama ziliponso, ndipo chida chake ndi mpeni basi. Soseji yaing'ono mukaicheka mbali imodzi n'kuikazinga, timiyendo timatambasuka, n'kuoneka ngati kanyama ka m'nyanja. Chidutswa cha apozi mukachisenda theka, n'kusiya khungu lodulidwa ngati makutu awiri, chimasanduka kalulu. Amachiviika m'madzi a mchere pang'ono kuti chisade.

Kodi mumadziwa kuti sukulu zina za mkaka zinaletsa mabento a zithunzi aja? Amatchedwa kyaraben. Zifukwa zake n'zomveka: mwana amene mayi ake alibe nthawi amachita manyazi pakati pa anzake, ndipo chakudya choumbidwaumbidwa chimagwiridwa kwambiri ndi zala. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku America, Anne Allison, amene mwana wake anaphunzira pa sukulu ya mkaka ku Tokyo, analemba mu 1991 za mmene bento ankakhalira mayeso a mayi: mwana ankayenera kumaliza zonse pa nthawi yake, ndipo aphunzitsi ankaona kudzipereka kwa mayiyo poyang'ana m'bokosi. Mtolo umenewu ndi weniweni ndipo ambiri amene ausenza ndi amayi. Sindiona chifukwa chotengera mbali imeneyi ya mwambowu. Tengani muyezo, ukhondo ndi kusamala mkute. Mpikisano usiyeni komweko.

Kodi mumadziwa kuti ana ambiri a ku pulaimale ku Japan sanyamula bento masiku wamba? Amadya chakudya cha pasukulu, onse chofanana. Chinayamba mu 1889 ku Tsuruoka m'chigawo cha Yamagata, pa sukulu imene inali m'kachisi wa Chibuda, kumene ana osauka obwera opanda kamba ankapatsidwa onigiri, nsomba yootcha ndi masamba ofutsa mu mchere. Lamulo la chakudya cha pasukulu linakhazikitsidwa mu 1954. Motero mabokosi a m'mawa kawirikawiri amakhala a ana a sukulu ya mkaka, a ku sekondale yapamwamba, ndi a akuluakulu a pantchito, kuphatikizapo masiku a masewera ndi maulendo a sukulu.

Ndipo kodi mumadziwa kuti pali sukulu zimene zimaletsa makolo kuthandiza ana kukonza bento? Mu 2001 mphunzitsi wamkulu wa pulaimale ya Takinomiya m'chigawo cha Kagawa, Kazuo Takeshita, anayambitsa tsiku la bento la ana a m'makalasi awiri omaliza, lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi. Pa tsikulo mwana amaganiza yekha zoti aphike, amakagula yekha, amadzuka yekha kukaphika, amalongedza, n'kutsuka mapoto ndi bokosi lomwe. Makolo saloledwa kugwirapo, ndipo aphunzitsi sapereka malikisi, kaya dzira lapserera kaya mpunga wachita phala. Mwana wa zaka 11 amene wagwira yekha ndalama ya ndiwo m'sitolo amabwerako akudziwa mtengo wa mazira ndi wa chidali, ndipo m'nyumba mwapezeka munthu wina wotha kupinda tamagoyaki. Mwambowu unafalikira ku masukulu ambiri m'zigawo zina za dzikolo, mpaka ophunzira a ku Kyushu University anayamba kuuchita pakati pawo.